Mankhwala a M'mitengo ndi Mimba ya Mbozi

Nkhani yokambidwa kwa aphunzitsi a sukulu za m'midzi m'boma la Rufunsa

Chiyambire kumapeto kwa chaka cha 2016, pamene mbozi zachilendo zochokera ku America zinaoneka m'minda ya m'Zambia, palibe chaka chimene mlimi wa chimanga wagona tulo tabwino. Mbozi zimenezi, zimene ambiri azitcha ntchemberezandonda, zidziwika ndi chizindikiro chonga lemba la Y lozondoka pamutu, ndi madontho anayi akuda kumatako. Popeza mankhwala a m'sitolo ndi odula, ndipo midzi yambiri ya kwa Mpanshya ndi kwa Shikabeta iri kutali ndi mseu wa Great East, alimi ena afuna thandizo m'mitengo. Koma dandaulo lao ndi limodzi: athira madzi a nimu madzulo, m'mawa apeza mbozi iri moyo, tsono aganiza kuti anadzivuta chabe. Mphunzitsi ayenera kudziwa choyankha, ndipo yankho lake liri m'mimba mwa mbozi.

Mbozi iri ngati thumba la matumbo loyenda, pakuti ntchito yake ndi kudya basi. Chigawo chapakati cha matumbo ake, kumene chakudya chigayidwa, chinamangidwa ndi tizipinda tamoyo totchedwa maselo, toyalana monga njerwa m'khoma, toonekera m'maikulosikopu mokha. Maselowa ali a mitundu itatu. Oyamba ndi ataliatali, okhala ndi timaubweya pamwamba. Awa atulutsa madzi ogaya chakudya ndi kuyamwa zabwino zake. Achiwiri ali ngati chikho, ndipo asamala mchere wa m'matumbomo kuti kugayako kutheke. Achitatu ndi aang'ono, okhala patsinde pa anzao. Awa agawikana ndi kubala maselo atsopano, makamaka pamene mbozi ifundula khungu, pakuti ifundula kasanu isanafike pa msinkhu wake wotsiriza.

Mphamvu ya nimu inazindikirika bwino m'chaka cha 1959, pamene Heinrich Schmutterer anaona ku Sudan kuti dzombe linadya zomera zina zonse koma linasiya mitengo ya nimu. M'chaka cha 1968 Butterworth ndi Morgan, ku England, anapatula m'njere zake mankhwala otchedwa azadirachtin. Mankhwalawa akalowa m'matumbo a mbozi, timaubweya tija tithothoka, maselo atupa, ena aphulika. Choposa apo, maselo aang'ono aja aleka kugawikana, kotero kuti khoma logumuka lisowa wolimanganso. Mbozi ileka kudya, iwonda, ilephera kufundula, ndipo ifa patapita masiku angapo. Motero mbozi imene mlimi aipeza m'mawa iri moyo ndithu, koma yayamba kale kufa. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Ombwe, umene a Chibemba autcha ububa, ugwira mwa njira ina. M'masamba ake muli mankhwala a banja la rotenone, amene atseka timbali ta m'selo timene tisandutsa chakudya kukhala mphamvu. Selo lizirala monga moto wosowa mpweya. Komabe si ombwe wonse uli ndi mphamvuyi. Akatswiri amene anayesa ombwe wa ku Malawi anaonetsa m'chaka cha 2012 kuti ulipo wa mitundu iwiri yofanana pamaso, ndipo wina ulibe mankhwalawo. Ndiponso ombwe ndi ululu wa nsomba. Wotsuka chidebe chake m'mitsinje yothira mu Lunsemfwa kapena mu Luangwa apha ndiwo za anzake, ndipo kupha nsomba ndi ululu ndi mlandu.

Pa zimenezi patuluka malangizo atatu. Loyamba, m'mera m'poyamba: mankhwala athiridwe mbozi zikali zazing'ono, pamene masamba ayamba kuoneka ndi timawindo toyera, chifukwa mbozi yaikulu ibisala mkati mwa nsonga nidzitsekera ndi ndowe zake zonga utuchi. Lachiwiri, mankhwala afike pamene mbozi idyera, m'nsonga momwemo. Njere zosinja zigone m'madzi usiku wonse, asefe, naikemo sopo pang'ono kuti madziwo amatirire. Lachitatu, athire madzulo, pakuti dzuwa liononga mphamvu ya nimu, ndipo abwereze patapita sabata.

Mphunzitsi angathe kuonetsa zonsezi popanda chida chodula. Ana atole mbozi zazing'ono zofanana msinkhu, naike imodziimodzi m'mabotolo otsekedwa ndi kansalu, chifukwa zikakhala pamodzi zidyana. Zina azipatse masamba oviikidwa m'madzi a nimu, zina masamba wamba. Tsiku ndi tsiku ayese kutalika kwa mbozi iriyonse ndi kukula kwa tsamba lodyedwa, nalembe m'buku; akatha asambe m'manja. Pakutha pa sabata kusiyana kudzaoneka, ndipo m'phunziro limodzi ana adzakhala atachita masamu ndi zaulimi zomwe. Mwana wotere akabwerera kwao adzadziwa kuuza atate ake kuti ayang'ane ngati masamba atsopano akudyedwabe, asanataye mtima poona mbozi yamoyo.