Mlonda Akaona Choopsa Asakhale Chete

Mau athu lero akhudza amuna athu ndi ana athu amene ali pa nchito.

Pa phiri la Kangankunde ku Balaka pali mwala wa monazite, ndipo kampani ya Lindian Resources ya ku Australia inalowa pa malowo m'chaka cha 2022. Mwala wotere umakhala ndi thorium, amene amatulutsa cheza choopsa chotchedwa radiation, ngakhale akatswiri akuti wa pa Kangankunde uli ndi thorium wochepa. Ana athu ena amagwira m'zipinda za X-ray ku zipatala za Balaka ndi Liwonde. Cheza chimenechi sichioneka, sichinunkha, koma chikachuluka m'thupi chimabweretsa khansa patapita zaka.

Tsono mwana akabwera kunyumba nati, "Amai, chitseko cha mojambulira sichitsekeka, kabaji koyezera cheza sanandipatse," ife timyankha chiani? Kawirikawiri timati, "Khala chete, angakuchotse nchito." Mantha amenewa tiwadziwa, pakuti ufa ndi fizi zichokera pa malipiro omwewo.

Koma imvani za ku Goiânia, m'dziko la Brazil. Mu 1987 anthu anatola chitsulo m'chipatala chosiyidwa, nachigulitsa kwa wogula zitsulo zakale. M'kati mwake munali ufa wowala. Mkazi wa wogulayo ataona kuti a pabanja pake akudwala, anachiika m'thumba, nakwera nacho basi kukachionetsa kwa a zaumoyo. Anthu 112,000 anayezedwa, 249 anapezeka nacho chezacho. Anai anamwalira, maiyo mmodzi wa iwo. Akadabisa, maliro akadachuluka.

Chifukwa chake tiwalangize athu motere. Ayambe kuuza kapitao mwaulemu, alembe tsiku ndi chimene aona, ndipo apite awiri kapena atatu. Akapanda kumveka, apite ku ofesi ya za nchito ya pa boma. Liriponso bungwe la Atomic Energy Regulatory Authority, lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, loyang'anira zimenezi.

Pa Ezekieli 33 tiwerenga za mlonda amene afunsidwa mlandu wa mwazi akapanda kuchenjeza anthu. Mwana wathu akalankhula nachita mantha, ife a Mvano tiime naye m'mapemphero ndi m'chithandizo. Ambuye atidalitse tonse.