Mlendo Amene Anadza ndi Kalumo Kakuthwa

Madzulo ano tikambe za munthu wa mpira amene asiya timu yace ndi kukalowa ina. Ambiri amati wotere ataya mwai wace, pakuti kumene apita sadziwa anzace, ndipo anthu a kumeneko ayembekeza zazikulu. Kodi ziri conco nthawi zonse? Mzinda wa Kabwe uli nalo yankho.

Godfrey Chitalu anabadwira ku Luanshya m'caka ca 1947, ndipo anayamba kuchuka ali ku Kitwe United. Luso anali nalo, koma analinso wamtima wapacala, kotero kuti pa unyamata wace anali kukangana ndi oimbira mpira kawiri-kawiri. Atampatsa ukapitao m'caka ca 1968, mtima unayamba kukhala pansi, ndipo caka comweco anasankhidwa kukhala woposa onse pa mpira m'Zambia. Ulemu umenewu anaulandiranso mu 1970.

Mu 1971 anacoka ku Kitwe nalowa Kabwe Warriors, timu ya anthu a njanji. Taganizani: ku Kitwe anali mfumu, koma ku Kabwe anafika monga mlendo, pakati pa akatswiri ena monga Boniface Simutowe ndi Sandy Kaposa. Akadafuna kusewera yekha, dzina lace likadathera pomwepo. Koma iye anaphunzira mayendedwe a anzace, iwonso anaphunzira ace.

Zipatso zinaoneka mu 1972. Kuciyambi kwa cakaco Warriors inakumana ndi Majantja ya ku Lesotho. Ku Maseru Chitalu anamwetsa zigoli 2; pa masewera acibwereza ku Ndola anamwetsa 7, ndipo Warriors inapambana 9-0. Pofika kumapeto kwa nyengo ya mpira anamwerengera zigoli 107, timu yace nitenga ligi pamodzi ndi zikho zonse za m'dziko. Muulutsi Dennis Liwewe anamucha "Ucar," dzina la mabatire amene anali kuchuka cifukwa ca kusatha moto msanga. Mu 2012, pamene Lionel Messi anamwetsa zigoli 91, a Zambia anakumbutsa dziko lonse za Chitalu, ngakhale bungwe la FIFA linati silingathe kutsimikiza ciwerengeroco.

Chitalu sanasamukenso. Anakhala ku Warriors kufikira ataleka kusewera, ndipo anasankhidwanso woposa onse mu 1972, 1978 ndi 1979. Anamwalira mu April 1993 pa ngozi ya ndege kufupi ndi Libreville ku Gabon, ali mphunzitsi wa timu ya dziko. Bwalo la Warriors ku Kabwe tsopano lichedwa ndi dzina lace.

Nkhani iyi si ya mpira wokha. Mgodi wa Kabwe unatsekedwa mu 1994, ndipo amuna ambiri anapita kukafuna nchito kwina. Lero lomwe ena a inu musintha nchito, ena mulandira anzanu acilendo m'gulu lanu. Akulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Koma kalumo sikameta kali m'thumba. Wofikayo ayenera kudzicepetsa ndi kuphunzira, ndipo eni malo ayenera kumpatsa mpata, monga anyamata a Warriors anapatsira mpira Chitalu.