Zimene Hubble Amaona, Ana Athunso Angazione



Tili ana kuno ku Kapichi tinkaona nyenyezi pamwamba pa minda ya tiyi ndi maso okha. Makina oonera zakutali otchedwa Hubble, amene anaponyedwa m'mlengalenga mu 1990, amaziona bwino popeza ali kuseri kwa mitambo ndi mpweya. Galasi lake linapita lolakwika, ndiye mu 1993 akatswiri anakwera komweko nakaikamo ena okonza vutolo.

Zithunzi zake zimasungidwa ku Baltimore. Amene anazipempha amakhala nazo yekha miyezi ingapo, kenaka aliyense atha kuzitenga pa intaneti, ulele. Ana a pasukulu yathu chawachepera ndi makompyuta. Ndalama zimene tisonkhe chaka chino, chonde, tigulire amenewo.