Kulemba Bwalo la Mpira wa Manja

Nkhani yathu lero ikupita kwa aphunzitsi a masewera, makamaka a m'dera la Mfumu Njombwa m'boma la Kasungu, kumene malo athyathyathya oyenera bwalo sasowa.

Ku America kuli masewera otchedwa racquetball, amene Joe Sobek anayambitsa m'chaka cha 1950. Amaseweredwa m'chipinda cha mamita 12.2 m'litali ndi mamita 6.1 m'lifupi, ndipo wolemba mizere amangotsata zipupa zimene mmisiri anaongola kale. Koma ife mpira wathu wa manja, uja timati ntchemberembaye, timasewerera pamtetete. Choncho kuongoka kwa mzere uliwonse kuli m'manja mwa mphunzitsi.

Bwalo loyenera ndi la mamita 30.5 m'litali ndi mamita 15.25 m'lifupi. Musayeze ndi mapazi, pakuti phazi la mphunzitsi ndi la mwana sizilingana. Bwerekani tepi yoyezera, sadzani zikhomo, ndipo pezani chingwe chouma chosatamuka. Makolo olima fodya ntchito ya chingwe ndi zikhomo amaidziwa kuchokera kunazale ndi pomanga zigafa. Apempheni adzakuthandizeni.

Yambani ndi mzere umodzi wam'litali, mukhome chikhomo uku ndi uku. Povuta ndi pangodya. Kuchokera pachikhomo, yezani mamita 4 motsata mzere wam'litali, muike chizindikiro. Kuchokera pachikhomo chomwecho, yezani mamita 3 cha kumene kudzere mzere wam'lifupi. Sunthani chingwe chachiwirichi kufikira mtunda wa pakati pa zizindikiro ziwirizo utakwana mamita 5. Pamenepo ngodya yakhala bwino. Chitani chimodzimodzi kumbali inayo. Mukatha, yezani mopingasa kuchokera pangodya imodzi kufika pa inzake ya tsidya. Mbali zonse ziwiri zipereke mamita 34.1. Zikasiyana, bwalo lapendama, ndipo zulani zikhomo muyambirenso. Kuongola mtengo mpoyamba.

Tsopano gawani bwalo patatu mofanana, chigawo chilichonse mamita 10.17. Pakati penipeni pa mzere wam'lifupi, pamene padzaime mtengo wa chigoli, khomani chikhomo, mumangirirepo chingwe cha mamita 4.9, ndipo muchikoke mozungulira mukulemba pansi ndi kamtengo. M'kati mwa uta umenewu ndimo mokha mochinyira. Pakati pa bwalo lembani kamzere kozungulira ndi chingwe cha masentimita 45. Mtengo wa chigoli utalike mamita 3.05 kuchokera pansi. Pomaliza thirani njereza kapena phulusa losefa m'mizere, ndipo mzere usapitirire masentimita 5 m'lifupi. Musakumbe ngalande m'malo mwa mzere, chifukwa ana amabzungunyuka mapazi m'menemo.

Wina angafunse kuti, kodi khama lonseli nlachiyani pa masewera a ana? Taganizani za mtsikana amene chaka chonse wazolowera kuchinyira m'malo amene anakulitsidwa ndi theka la mita. Tsiku la mpikisano wa boma adzaima pamene anazolowera, ndipo woimbira adzakana chigoli chake chifukwa waponyera kunja kwa mzere. Mwanayo adzadziona wolephera, chonsecho cholakwa ndi cha amene anayeza.

Timu yathu ya Malawi Queens inakhala yachisanu pa dziko lonse ku Auckland m'chaka cha 2007, ndipo m'chaka cha 2022 ku Lilongwe kunatsegulidwa nyumba ya masewera ya Griffin Saenda. Miyeso ya bwalo la m'nyumba imeneyo ndi yomwe mwamvayi. Mwana wa kwa Njombwa akaphunzira pabwalo loyezedwa bwino, sadzakhala mlendo tsiku limene adzaponde kumeneko.