WAILESI YAING'ONO, MAU OFIKA KUTALI



Lero tikambirana za wailesi. Tonse tidziwa wailesi yomvera nkhani ndi nyimbo. Koma ilipo ina imene munthu amalankhulirapo yekha, mnzake ali kutali namuyankha. Anthu amene amachita zimenezi sachita malonda ai. Amangokonda luso limeneli. Iwo ali m'maiko ambiri, ndipo bungwe lao lalikulu linayamba ku Paris m'chaka cha 1925.

Mwina mukuti, “Nanga foni tili nayo, wailesi yotere n'njachiyani?” Kumbukirani namondwe wa Ana m'chaka cha 2022, ndi wa Freddy mu Marichi 2023. Magetsi anazima, milatho inakokoloka, ndipo m'malo ambiri foni zinaleka kugwira. Foni imadalira nsanja za kampani. Wailesi iyi sidalira nsanja. Ifuna batire, waya ndi munthu wodziwa, basi.

Ena mwa anthu a lusoli amagwiritsa ntchito mphamvu yochepa kwambiri: mawati 5 kapena kucheperapo. Mphamvu imeneyi n'chimodzimodzi ya kababu kakang'ono ka sola. Batire ya mavoti 12, yonga ya galimoto, ikhoza kuyendetsa wailesi yotere kwa maola ambiri. Masana muitchaja ndi sola. Komabe mau ake amatha kuoloka nyanja yaikulu. Zitheka bwanji?

Chinsinsi chake chili pa eriyo, uja waya wotulutsa mau ndi kuwakola. Taganizani za mayi wotunga madzi ku Shire ndi ndowa yobooka. Ngakhale adzaze bwanji, pofika kunyumba madzi atha. Eriyo yoipa ili ngati ndowa yobooka. Mphamvu imathera mu waya ndi m'dothi. Koma eriyo yabwino imatumiza pafupifupi mphamvu yonse kumlengalenga. Ndiponso dziwani ichi: mukachulukitsa mphamvu kanayi, womvera uja amangomva kusintha pang'ono chabe, koma batire yanu imatha msanga. Nchifukwa chake wanzeru amayamba wakonza eriyo.

Eriyo yosavuta kupanga ndi ya mawaya awiri a kopa olingana kutalika. Wina apita kumanja, wina kumanzere. Pakati pake mulumikiza chingwe chopita ku wailesi. Kutalika kwa waya sikongoganizira ai. Kumayenderana ndi malo amene mwatchera wailesi. Pa mamegaheti 14, waya aliyense akhale wa mamita 5. Pa mamegaheti 7, aliyense akhale wa mamita 10. Mukaphonya muyeso, mphamvu ina imabwerera ku wailesi. Yezani kawiri, dulani kamodzi.

Tsono mauwo amayenda bwanji? Kumwamba kwambiri kuli mpweya umene umabweza mafunde a wailesi pansi, monga mmene phiri limabwezera mau a munthu wofuula. Mukapachika eriyo pamwamba, mamita 10 kapena kuposa, mafunde amapita chopendekeka nakagwa kutali: ku Zambia, ku Johannesburg, ngakhale ku Ulaya. Mukaipachika m'munsi, pa mamegaheti 7 masana, mafunde amakwera chilunjikire nabwerera pafupi. Njira yachiwiriyi ndiyo ya ife kuno. Munthu ali ku Ntaja akhoza kulankhula ndi wina ku Liwonde, ku Ulongwe kapena ku Phalula, ngakhale mapiri a Chikala atchinge.

Kufunika kwa eriyo sikunayambe lero. M'chaka cha 1901, Marconi anamva chizindikiro cha wailesi chochokera ku England, iye ali ku Newfoundland, tsidya la nyanja ya Atlantic. Waya wake anaukweza m'mwamba ndi kaiti, ngati ija ana amaulutsa.

Mitengo yopachikira tili nayo: nsungwi zazitali, bulugama, mango. Waya asakhudze masamba kapena malata. Kumapeto kwake mangani kachidutswa ka paipi ya pulasitiki, kenaka chingwe, ndipo chingwecho ndicho mumange kumtengo.

Tsopano mverani machenjezo atatu.

Choyamba, musapachike waya pafupi ndi mawaya a magetsi, pamwamba pake kapena pansi pake. Ukakhudza, ndi imfa.

Chachiwiri, mvula ya mabingu ikamabwera, chotsani chingwe cha eriyo ku wailesi, muchitulutse panja. Mphenzi imakonda waya wapamwamba.

Chachitatu, musalankhule pa wailesi yotere popanda chilolezo. Kuno ku Malawi chilolezo chimachokera ku bungwe la MACRA. Wololedwa amalandira dzina la pa wailesi loyamba ndi 7Q. Mukamva loyamba ndi 9J, ameneyo ndi wa ku Zambia. La C9 ndi la ku Mozambique.

Nanga ife amene tili ndi wailesi yomvera chabe? Phunziro lake ndi lomweli. Ngati wailesi yanu ili ndi malo olembedwa SW, tengani waya wa mamita 10. Mbali ina mukulunge ku eriyo ya wailesi, inayo mukweze kumtengo. Madzulo tcherani pang'onopang'ono. Mudzamva nyumba zoulutsira mau zimene kale simunkazimva, osaonjezera batire ndi imodzi yomwe. Ambiri a luso limeneli anayamba choncho, ndi kumvera. Paja kanthu n'khama.

 Amene ali ndi funso aimike dzanja.