Munthu akavulala msana pa ngozi: musathamangire kumunyamula, musathamangire kudinda chala

Ine ndine mwana wanu uja amene ndimayenda m'midzi ndi nkhani za umoyo. Lero ndabwera ndi nkhani ya kuvulala kwa msana, ndipo ndiyamba ndi za kwathu komwe.

Msuweni wanga ankagula usipa wouma kunyanja kuno n'kukagulitsa kumtunda. Tsiku lina ali pa mota ya hayala, lole inawagunda cha kumbuyo ndipo iye anagwera m'ngalande. Anthu anathamangirako, anthu a mtima wabwino ndithu. Wina anagwira mikono, wina miyendo, msana uli lende pakati. Anamukhazika pa mota ina, pakati pa anthu awiri, ulendo wa kuchipatala pamsewu wa mabampu. Iye amanena mpaka lero kuti ali m'ngalandemo zala za kumapazi ankazigwedeza. Pofika kuchipatala, miyendo inali itangoti zii. Sindinganene kuti anamulumaza ndi omunyamulawo, pakuti amene anamugunda ndi wa lole. Koma anamwino anatiuza kuti kanyamulidwe kotere kamatha kumaliza chimene ngozi yangochiyamba.

Taonani mmene msana ulili. Si fupa limodzi ayi. Ndi timafupa 33 tosanjikizana kuyambira m'khosi mpaka kuchiuno, ndipo 7 mwa ito tili m'khosi. Pakati pa timafupati pali njira, ndipo m'njiramo mumadutsa mtsempha waukulu wofewa, wonenepa ngati chala chaching'ono. Umenewu ndi umene umanyamula mauthenga kuchokera ku ubongo kupita ku manja, ku miyendo, ku chikhodzodzo ndi ku matumbo. Uli ngati waya wochoka pa batire ya sola kupita ku babu. Babu ikhoza kukhala yabwinobwino, koma waya akaduka m'nyumba muli mdima. Fupa likathyoka limalumikizana. Mtsempha uwu ukaduka wonse sulumikizananso. Ukangofinyika kapena kutupa, mphamvu zina zimatha kubwerera pakapita miyezi. N'chifukwa chake fupa lothyoka la msana lisagwedezeke, lingacheke mtsempha umene unali usanaduke.

Kwathu kuno zovulaza msana n'zodziwika. Mota, makamaka wina akakwera wopanda chipewa cholimba chija. Kugwa kumbuyo kwa galimoto yodzaza anthu ndi matumba. Kugwa mumtengo wa mango nyengo yake ikafika. Anyamata odumphira m'nyanja mutu patsogolo pamalo osaya kapena pa miyala. Dothi logumukira okumba golide ku Lupilichi. Munthu amene wagwa motere, mukamva akudandaula khosi kapena msana, akunena kuti manja kapena miyendo yachita dzanzi, akulephera kuigwedeza, kapena wadzikodzera osadziwa, mutengeni ngati wathyoka msana. Wokomoka nayenso chimodzimodzi, pakuti sangakuuzeni pamene pakupweteka.

Ndiye muchite chiyani? Choyamba muuzeni agone mmene alili, asayese kudzuka. Munthu mmodzi agwade kumutu kwake, agwire mutuwo ndi manja awiri m'mbali mwa makutu kuti usatembenuke, ndipo asausiye. Chipewa cha pa mota musachikoke, pokhapokha ngati akulephera kupuma. Musamumwetse madzi, musamuwongole khosi, musamukhazike tsonga. Imbani foni kuchipatala chapafupi mufunse ambulansi. Ndikudziwa, abale anga, kuti ambulansi siifika paliponse, ndipo midzi ina ya m'mphepete mwa nyanja njira yake ndi boti basi. Zikatero funani chinthu cholimba chathyathyathya: chitseko, thabwa lalikulu, benchi yotakata. Chitenje kapena mkeka ayi, chifukwa zimapinda munthu. Mukhale anthu anayi kapena asanu. Wogwira mutu ndiye awerenge, ndipo nonse mumugubuduze pamodzi ngati chipika, mutu, mapewa ndi chiuno ziyendere limodzi. Lowetsani chitseko, mugonekeni chagada, ikani nsalu zopindapinda uku ndi uku kwa mutu, ndipo m'mangeni ndi zitenje pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo. Akafuna kusanza, pendeketsani chitseko chonsecho, osati mutu wokha. M'boti kapena m'galimoto agone pachitseko pomwepo. Pa mota ayi, ngakhale itakhala yokhayo imene ilipo. Kuchokera ku Metangula kukafika ku chipatala chachikulu cha ku Lichinga ndi makilomita opitirira 100, ndipo dalaivala ayende mosamala m'mabampu.

Tsopano mbali yachiwiri, imene ambirife sitiidziwa. Msuweni wanga atagona masiku atatu m'chipatala, kumudzi kunabwera mthenga wa mwini lole. Anabwera mwaulemu, ndi thumba la chimanga, mametikali 10,000 ndi pepala lolembedwa m'Chipwitikizi. Amalume sawerenga. Anaona kuti munthu wabwera kudzapepesa, ndipo kwathu kuno wopepesa sitimubweza. Anadinda chala. Pambuyo pake ndi pamene tinamva kuti pepalalo limati banja lalandira zonse ndipo nkhani yatha. Ndalama ija siinathe miyezi iwiri: thiransipoti, chakudya cha womudikirira, sopo, magolovesi. Mnyamata amene ankadyetsa mkazi ndi ana awiri anabwerera kunyumba atanyamulidwa.

Sindikunyoza kupepesana ayi, ndi mwambo wabwino. A mfumu, a régulo ndi bwalo la m'mudzi amatithandiza pa milandu ya mbuzi yodya mmera ndi ya malire a munda. Koma mlandu wa msana ndi wolemera. Tsiku lachitatu ngakhale dokotala sanadziwe ngati munthuyo adzayendanso, nanga inu mungauike bwanji mtengo? Ngati wina wabweretsa thandizo, landirani pamaso pa mboni ndipo palembedwe kuti ndi thandizo la kuchipatala. Pepala lililonse limene simukulimva, nenani kuti, "Pepani bambo, tiyambe tafunsa." Munthu wa cholinga chabwino sangakwiye ndi mawu amenewo.

Malamulo a dziko lathu la Mozambique amati amene wavulaza mnzake alipire chimene chawonongeka. Pa ngozi ya pamsewu, mwini galimoto amene amaiyendetsa kapena kuiyendetsera ena pofuna phindu lake amakhudzidwa nawo, sangangoti, "Si ine, ndi dalaivala." Komanso kuyambira m'chaka cha 2003 pali lamulo lakuti galimoto yoyenda pamsewu ikhale ndi seguro, imene anzathu a ku Malawi amati inshuwalansi. Ntchito ya seguro imeneyi ndi kulipira anthu amene galimotoyo yawavulaza. Ndiye kuti nthawi zambiri ndalama yaikulu siituluka m'thumba la mwini galimoto, imatuluka ku kampani ya seguro. Musachite naye manyazi poganiza kuti mukumusaukitsa. Ngati galimoto kapena mota ilibe seguro, ndipo zoterezi ziliko kuno, mlandu umatsala pa mwiniwake ndi woyendetsa. Kupeza ndalama kumavutirapo, koma ufulu wanu sunathe.

Chipukuta misozi chimene khoti limaona si mtengo wa mankhwala wokha. Limaona zimene mwawononga kuchipatala ndi pa maulendo, ndalama zimene munthuyo akanapeza akanakhala kuti akugwira ntchito, njinga ya anthu aulumali, chisamaliro chimene adzafune mpaka kutsogolo, ndiponso ululu ndi kusweka mtima kwake. Koma khoti silimva misozi yokha, limafuna umboni. Umboniwo umatoledwa sabata yoyamba, pamene banja lili balalabalala. Choncho pabanja pakhale munthu mmodzi amene ntchito yake ndi mapepala basi, ena ali kalikiliki ndi wodwala.

Munthu ameneyu alembe nambala ya galimoto, tsiku, ola ndi malo. Ngati pali foni yojambula, ajambule galimoto, malo a ngozi ndi kapepala ka seguro. Alembe mayina a anthu amene anaona ndi maso. Akanene kupolisi tsiku lomwelo kapena mawa lake, ndipo afunse nambala ya mlandu. Ife apa ndi pamene tinaphonya: tinadzapita kupolisi patapita nthawi, mboni zina zitabalalika. Kuchipatala pemphani lipoti la dokotala lonena chimene chavulala, ndipo sungani zithunzi za X-ray, makadi, malisiti a mankhwala. Wa boti kapena wa chapa sapereka lisiti, ndiye gulani kope muzilemba tsiku, ulendo ndi ndalama. Zonse muike m'pulasitiki, kutali ndi chiswe ndi mvula. Opita nawo ku ofesi akhale mafotokope, enieniwo atsale nanu. Pakapita nthawi wodwalayo amaonedwa ndi gulu la madokotala lotchedwa junta médica, limene limalemba kukula kwa ulumali wake, ndipo pepala limeneli ndi lolemera kwambiri pa mlandu.

Mwina mukuti, "Mwana iwe, loya tingamulipire ndi chiyani?" Boma lili ndi ofesi yotchedwa IPAJ, imene ntchito yake ndi kuimira anthu osauka pa milandu popanda kulipira. Ali ku Lichinga ndipo amagwiranso ntchito m'maboma. Mukafika ku Metangula funsani kukhoti kapena ku Procuradoria, akulozerani. Tengani bilhete yanu ndi kalata yotsimikiza kuti ndinu osowa, atestado de pobreza, imene imayambira kwa akuluakulu a kudera kwanu. Ndipo musagone nazo. Lamulo limapereka zaka 3 zokasuma mlandu wofuna chipukuta misozi, kuwerenga kuyambira pamene mwadziwa kuti mwalakwiridwa. Zaka 3 zimamveka zambiri, koma mukamasamala wodwala usiku ndi usana zimatha osaziona.

Amene wavulala ali pa ntchito ya munthu wina, monga womanga amene wagwa padenga kapena wokweza katundu m'lole, nkhani yake ili ndi lamulo lakelake la m'chaka cha 2013. Bwana ayenera kumutengera kuchipatala, kulipira chithandizo, ndipo ngati walumala mpaka kalekale pamakhala penshoni. Kusowa kontalakiti yolemba sikuchotsa ufulu wa wantchito. Muuzeni bwana msanga, pamaso pa mboni, kenako kanene ku Procuradoria. Musadikire zaka 3 zija, milandu ya pantchito imafuna changu. Alovi ogwira ntchito pa boti la munthu wina, inunso kafunseni, musangoti ndi tsoka la panyanja.

Inu a m'malire mvetsani apa. Ambiri a ku Cobué mumaolokera ku chipatala cha St Peter's pa Likoma chifukwa ndi pafupi. Olokani ndithu, moyo ndiwo woyamba. Koma ngati ngozi yachitikira mbali ino, mlandu ndi wa mbali ino: wina atsale akanene kupolisi ya kuno, ndipo buku la kuchipatala la ku Malawi lija mulisunge, ndi umboni. Ngozi ikachitikira ku Malawi, mwina muli pa geni ku Nkhata Bay kapena ku Mzuzu, kanene kupolisi ya komweko musanabwerere. Kumeneko othandiza osauka pa milandu ndi a Legal Aid Bureau.

Nanga wogwa mumtengo, kapena wokumba golide payekha? Palibe womusumira. Koma pitani ku ofesi ya Acção Social mukafunse za thandizo la INAS la anthu aulumali, ndi za njinga. Liliponso bungwe la anthu aulumali la ADEMO.

Mlandu umatenga nthawi, ndiye munthuyo ayenera kukhala ndi moyo kuti adzaone mapeto ake. Chimene chimapha ovulala msana akabwerera kumudzi kawirikawiri ndi zilonda za pogona ndi matenda a m'njira ya mkodzo. Iye samva kupweteka, ndiye sangakuuzeni kuti pakutentha. Mutembenuzeni maola awiri aliwonse, usiku womwe, ndipo muzigawana mausiku, musasiyire mkazi wake yekha. Tsiku lililonse yang'anani pamatako, m'chiuno ndi kuzidendene. Mukaona malo asintha mtundu, auma gwa kapena akutentha, asagonerenso mbali imeneyo ndipo itanani wa zaumoyo. Pogona pakhale pouma ndi pofewa. Amwe madzi ambiri. Kapaipi ka mkodzo mukagwire ndi m'manja mosamba ndi sopo. Mkodzo ukayamba kununkha ndi kuderera, thupi n'kutentha, thamangirani kuchipatala. Miyendo muziipinda ndi kuiwongola pang'onopang'ono monga anakuonetserani kuchipatala, kuti isaume. Moto, mbaula ndi madzi otentha zikhale kutali ndi mapazi ake. Ndipo agogo anga ndikupempheni, mphini pakhungu limene silimva ayi, zimasanduka zilonda zosapola.

Chinanso kwa amene anavulala m'khosi kapena kumtunda kwa msana: akangoyamba mutu waukulu mwadzidzidzi, thukuta lili kamukamu kumaso, m'khazikeni tsonga, masulani zovala zothina, ndipo onani ngati kapaipi kapindika kapena katsekeka. Zikapanda kusintha msanga, kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa magazi amakhala atathamanga kwambiri.

Msuweni wanga alipo. Chilonda chimodzi chinatsala pang'ono kumutenga, chinapola patapita miyezi isanu. Masiku ano amasoka maukonde a anthu ali pa njinga yake pansi pa mtengo, ndipo ana ake ali pa sukulu. Pepala lija tinapita nalo kwa odziwa malamulo, ndipo nkhaniyo ikadali m'manja mwawo. Ndi iye amene anandiuza kuti ndikanene pa wailesi.

Amene muli ndi wodwala wotere pakhomo, uzani wa zaumoyo wa m'mudzi mwanu kuti adzakuonetseni katembenuzidwe ndi kasamalidwe ka khungu. Sabata ya mawa, nthawi ngati yomweyi, tidzakamba za likodzo ndi ana osambira m'madambo.