Ankhoswe Asamadikire Kuti Banja Ligwedezeke



Tsiku lomanga ukwati, ankhoswe a mbali zonse ziwiri amakhala patsogolo. Mwambo ukangotha, ambiri amazimiririka, n'kudzaonekeranso mayi atamanga kale katundu. Pakati pa masiku awiriwa pamadutsa zaka zambiri zimene banja limalera ana lokhalokha, chonsecho m'zaka zimenezi ndi momwe thandizo limafunika koposa.

Makolo a lero akulera movutikira. Bambo ali ku Joni kapena kuesiteti, mayi akulawirira kumaganyu, ndipo mtsikana wa Sitandade 5 ndiye akutsala ndi khanda kumsana m'malo mopita kusukulu. M'makomo ena, agogo ofooka ndiwo akusunga adzukulu amasiye. Kholo lotopa silichedwa kupsa mtima, ndipo mwana amene amangomva kukalipiridwa amaleka kuulula zakukhosi. Akasiya sukulu kapena kutenga pathupi, achibale amadabwa ngati kuti zagwa kumwamba.

Malamulo adayankhulapo kale. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limaika udindo wolera pa makolo, kaya ali limodzi kapena adalekana, ndipo kholo lothawa udindo likhoza kulamulidwa ndi khoti kuti lizipereka chithandizo. Mu 2017, Nyumba ya Malamulo idakonza malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, kotero umphawi si chifukwa chokwatitsira mtsikana. Komabe khoti limalowerera zinthu zitaonongeka kale. Achibale ndiwo angafike msanga.

N'chifukwa chake ankhoswe akupemphedwa kuti aziyendera mabanja awo popanda kuitanidwa, makamaka sukulu zikamatsegulidwa ndiponso mu Januwale ndi Febuluwale, pamene njala imakolezera mikangano. Atsibweni, monga eni mbumba, aziona makope a ana a alongo awo, osangodikira tsiku la chinkhoswe. Bambo amene ali kutali, akatumiza ndalama azipemphanso kuti foni ipatsidwe kwa mwana, amve mawu a atate ake. Makomiti a chitukuko a m'midzi alimbikitse sukulu za mkombaphala posonkha chimanga ndi soya, kuti mayi akapita kumunda, wamng'ono akhale m'manja otetezeka ndipo wamkulu akhale m'kalasi. Mabanja osowetsetsa pogwira adziwitsidwe ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu.

Pali nkhani imodzi yokha imene siyenera kuthera pa mkeka wa ankhoswe: nkhanza kwa mwana. Kugwirira kapena kuvulaza mwana ndi mlandu wokanena kupolisi kapena pa nambala yaulere ya 116, ngakhale wolakwayo akhale wapachibale.

Akuluakulu adati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Aliyense amene adaimirapo ukwati wa wina, sabata ino isathe asanakaodire pakhomopo ndi kufunsa mmene ana akukhalira.